Khadi lopanga pamanja limayambira popinda

Mwezi wa Okutobala ukamayandikira, tebulo langa lodyera limasanduka malo a ntchito. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala, kenako maukwati ndi zinkhoswe zomwe anthu amathamangira kuti zichitike mvula isanagwe, posakhalitsa Khirisimasi n'kutipeza. Nyengo yonseyi ndimakhalira kudula ndi kupinda mapepala. Anzanga akaona makhadiwo, choyamba kufunsa chimakhala pepala la maluwa lija: ndaligula kuti, ndi ndalama zingati. Ndimawauza kuti pepala la maluwa ine ndimaliganizira kumapeto. Khadi limakhala bwino kapena kuipa pa mzere umodzi wokha, pomwe lapindidwapo, chifukwa mzere umenewo ndi womwe umalipatsa mkati, ndipo mkatimo ndi momwe mukhale mawu anu.

Khadi la Khirisimasi loyamba kugulitsidwa silinali lopinda n'komwe. Analiitanitsa ndi Henry Cole ku London mu 1843, wojambula wake anali John Callcott Horsley, ndipo anasindikiza makhadi 1,000 n'kuwapaka mitundu pamanja. Linali tsamba limodzi: chithunzi, moni wosindikiza, ndi timipata tiwiri tolembapo dzina la wolandira ndi la wotumiza. Khadi lopinda pakati, lolowa mu envulopu, anadzalifalitsa kwambiri ndi abale a banja la Hall a ku Kansas City ku America, eni ake a kampani yomwe lero ndi Hallmark, kuyambira cha m'ma 1915. Anthu ankafuna malo olembapo zambiri kuposa moni, koma osafika pa kalata yathunthu. Ine ndimapanga makhadi ndi maganizo omwewo. Zonse zakunja zimangoperekeza mawu ali mkatimo.

Musanadule chilichonse, yambani mwapeza envulopu. Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Mukalidula pakati mumapeza mapepala awiri a A5, ndipo la A5 mukalipinda pakati mumapeza khadi la mamilimita 105 ndi 148. Limeneli limalowa bwinobwino mu envulopu ya C6, ya mamilimita 114 ndi 162, n'kutsala kampata ka zomata pamwamba. Makhadi anga ambiri ndi a muyezo umenewu. Pepala limodzi limandipatsa makhadi awiri ndipo palibe chotaya.

Pepala lopangira fotokope sililimba. Pa phukusi lake pamalembedwa 80 gsm, kutanthauza kuti chipepala chotalika mita imodzi mbali zonse chimalemera magalamu 80. Khadi loti liime lokha pa shelefu limafuna 200 gsm kapena kuposerapo. Lotere likasowa, pepala la manila, lija aphunzitsi amalembapo matchati a m'kalasi, limagwira ntchito, bola musankhe lokhuthala.

Tsono apa ndi pomwe pali nkhani yaikulu. Pepala la ku fakitale lili ndi tiulusi tomwe tambiri timagona mbali imodzi, momwe linkayendera pa makina. Lili ngati nsungwi, yomwe imang'aluka mosavuta m'litali koma imakana mukaidzera chopingasa. Mukapinda motsatira tiulusito, mzere umatuluka wosalala. Mukapinda modula tiulusito, pepala limasweka pamsana, mtundu wake n'kuoneka timing'alu toyera, ndipo khadi limangotseguka lokha osagona pansi. Kuti mudziwe, ligwireni mbali ziwiri n'kulikhotetsa pang'ono osalipinda, kenako mulitembenuze muyesenso mbali inayo. Komwe likugonja mosavuta ndi komwe muyenera kupinda. Mapepala ambiri a A4 tiulusi take timayenda m'litali, ndiye mukadula pakati n'kupindanso monga ndafotokozera muja, mumapezeka kuti mwatsata kale njira yake. Chipepala chachikulu cha manila ndiye chofunika kuchiyesa musanayambe kuchigawa. Mapepala opanga pamanja, monga aja a bungwe la PAMET ku Blantyre omwe amawapanga kuchokera ku mapepala akale ndi zomera, alibe mbali, chifukwa tiulusi take timagwa paliponse pa sefa. Amenewo pindani mbali iliyonse.

Pepala lokhuthala salipinda ndi zala zokha. Mumayamba mwalemba kanjira. Ikani lula yachitsulo pomwe mukufuna kupinda, mutenge bolopeni yomwe inki yake inatheratu, muyendetse motsamira lula kawiri kapena katatu mpaka pakhale kangalande kakang'ono, koma osaboola. Osindikiza mabuku amapinda mothawa kangalandeko, kuti kakhale kunja ndipo kamtumbira kake kakhale mkati. Inenso ndimatero ndipo msana wa khadi susweka. Mukapinda, kanikizani ndi kumbuyo kwa supuni, mutayika kapepala pamwamba kuti pasawale. Ngati milomo iwiri ya khadi siyikukumana ndendende, musakakamize. Lisiyeni lopinda, muike lula, mudule milomo yonse iwiri nthawi imodzi ndi lezala latsopano.

Kapindidwe kapakati mukakazolowera, ena onse amachokera pomwepo. Pa khadi la ukwati kapena chinkhoswe ndimakonda kapindidwe ka zitseko ziwiri. Gonekani pepala la A5 chopingasa, lembani kanjira pa mamilimita 52.5 kuchokera kumanzere ndi kena kuchokera kumanja, mupinde mbali zonse kuti zikumane pakati. Wolandira amatsegula ndi manja awiri, mayina a mkwati ndi mkwatibwi n'kuonekera pakati. Pofuna kuti zitsekozo zisasemphane, ndimapinda chimodzi choyamba, chachiwiri n'kuchibweretsa kuti chigunde chinzake, kenako ndiye n'kukanikiza. Kuti lisamatseguke, ndimalimanga ndi kalamba ka pepala kapena ulusi wa khonje.

Pali kena kosavuta kwambiri: pindani pakati monga mwa nthawi zonse, kenako tsamba lakutsogolo mulipindire kunja pakati pake. Mukaliyang'ana chakumwamba limaoneka ngati chilembo cha Z, ndipo limaima bwino kuposa ena onse. Ana a achemwali anga amakonda lotumphuka. Mumadula timizere tiwiri tofanana pamsana wa pepala lopinda, n'kukankhira kachidutswako mkati kuti kakhale kasitepe, kenako n'kumatapo nyumba, nkhuku kapena keke. Khadi likatsegulidwa chithunzicho chimadzuka. Ingokumbukirani kulimata pa tsamba lina lakunja lobisa bowo, komanso kuona kuti chithunzi sichikusuzumira kunja khadi likatsekedwa.

Zidindo ndimasema ndekha, ndipo ndikulimbikitsani kutero ngakhale mutakhala ndi ndalama zogulira za m'sitolo. Ku Ntonso, pafupi ndi Kumasi ku Ghana, amisiri amadinda nsalu za adinkra ndi zidindo zosema pa zidutswa za chikho, utoto wake n'kuphika kuchokera ku makungwa a mtengo. Luso lodinda silidalira chipangizo chodula. Chidindo cholimba ndimasema pa chofufutira choyera cha ana asukulu. Ndimajambula kaye pa pepala ndi pensulo yofewa, n'kuvundikira chojambulacho pa chofufutira, n'kutikita ndi chikhadabo. Chithunzi chimasamukira pamenepo chitatembenuka kale, zomwe ndi zofunika kwambiri pa zilembo, popeza chidindo chimadinda chobwerera m'mbuyo. Posema, lezala lizipendekekera kunja kuti tsinde la mzere uliwonse likhale lalikulu kuposa pamwamba pake. Mukasema cholowa pansi, mzerewo umathothoka musanadinde makhadi angati.

Patapata wakutha amapereka zidindo zazikulu: mtima, tsamba, nsomba. Mumamutsuka, n'kudula, n'kumata pa kathabwa kapena pa chitsekerero cha botolo kuti mupeze pogwira. Mbatata ya kachewere ndi yabwino pophunzitsa ana, koma imafota tsiku lomwelo ndipo muyenera kuipukuta madzi musanaipake utoto. Chomwe ndimachikonda koposa sichifuna n'kusema komwe. Dulani therere lobala chopingasa, muliviike pang'ono mu utoto, mudinde. Pamatuluka kaduwa ka nsonga zisanu kokhala ndi timaso take. Chofufutira cha kumbuyo kwa pensulo chimapereka timadontho tozungulira, ndipo tsamba la jakaranda, mukalipaka utoto kumsana komwe kuli mitsempha, limasiya nthambi yonse pa pepala.

Inki ya zidindo za mu ofesi, ya buluu kapena yofiirira ija, imagwira bwino pa chofufutira. Mitundu ina ndimaipeza pothira utoto wa madzi pa kasiponji kopyapyala m'chivundikiro cha chitini. Pansi pa pepala yalani nyuzipepala yopindapinda, chifukwa pa tebulo louma chidindo chimasiya mipata. Tsitsani chidindo molunjika, kanikizani, nyamulani molunjika. Mukachigwedeza, m'mphepete mumapakika. Ndipo musafulumire kuchibwezera ku inki. Kudinda kachiwiri ndi kachitatu kumatulutsa mtundu wozilala, ndiye masamba atatu a chidindo chimodzi amaoneka ena pafupi ena patali. Ine sindidinda pa khadi lenileni. Ndimadinda pa kapepala kapadera, n'kusankha komwe katuluka bwino, n'kumata. Pepala lonyezimira lipeweni, inki ya madzi siuma pamenepo.

Tifike tsono ku pepala la maluwa. Silisowa. Pali lokutira mphatso lomwe latsala pa ukwati, mkati mwa maenvulopu a ku banki momwe mumakhala timizere ta buluu, makalendala akale, mapu ong'ambika. Pepala lakhaki la mkati mwa thumba la simenti, mukalikutumula bwino n'kulisita, n'kulidinda therere pa masentimita 3 aliwonse motsata timizere ta pensulo, limaposa ambiri ogula. Vuto la pepala la maluwa ndi loti limakopa. Munthu amafuna kuika lonse, mitundu inayi pa khadi limodzi, mpaka diso kusowa popumira. Lamulo langa ndi ili: pepala la maluwa limodzi, losalemba kanthu limodzi, ndipo mtundu wa losalembalo uchokere m'maluwamo. Pa khadi la 105 ndi 148, losalemba ndimadula 99 ndi 142, la maluwa 93 ndi 136, kuti pakhale mkombero wa mamilimita 3 kuzungulira. Mkombero umenewu ndi womwe umachititsa khadi kuoneka la mmisiri. Nthawi zambiri sindikuta n'komwe nkhope yonse. Kalamba ka maluwa m'munsi, kadindo kamodzi pamwamba, basi.

Chitenje ndi nkhani ina yokoma. Atelala a pamsika ndimawapempha tizidutswa tomwe tagwa pansi pa makina, ndipo sakaniza. Nsalu imasosoka m'mphepete, ndiye musaidule kaye. Isiteni, muimate pa pepala lopyapyala, iume itatsindiridwa ndi mabuku, kenako mudule nsalu ndi pepala pamodzi. Maluwa a chitenje ndi akuluakulu, anawajambulira thupi la munthu, choncho pa khadi pamangokwana kachigawo. Ndili ndi kakatoni komwe ndinaboola windo pakati, ndipo ndimakayendetsa pa nsalu mpaka nditapeza pomwe pakukoma. Banja likasankha nsalu imodzi ya chinkhoswe, zotsala zake ndi zomwe ndimapangira makhadi othokoza ankhoswe ndi onse omwe anathandiza. Munthu akangoliona amadziwa tsiku lomwe likunenedwa. La mayi anga la chaka chino ndikuikapo kachidutswa ka chitenje chomwe ankaberekera mdzukulu wawo woyamba.

Guluu ndi amene amawononga makhadi ambiri. Woyera wa akalipentala ndi wabwino, koma muli madzi, ndipo madzi amafufumitsa pepala mbali imodzi, khadi n'kupotoka. Mupakeni mopyapyala kwambiri ndi kachidutswa ka katoni, pa chomatacho osati pa khadi, kenako mutsindire ndi mabuku usiku wonse. M'dzinja, chinyontho chikachuluka, onjezerani tsiku. Guluu wopaka ngati mafuta a pamilomo uja amagwira mapepala opyapyala okha, nsalu imamatuka. Phala la ufa wa chinangwa limamata ndithu, koma mphemvu zimalikonda, ndiye si la khadi lomwe munthu adzalisunge m'Baibulo zaka zambiri.

Makhadi opepesa maliro ndimawapanga mosiyana. Sindiikapo chitenje kapena zotumphuka. Pepala loyera kapena lakhaki, tsamba limodzi lodinda mozilala, mkati monse mwa mawu. Ndi pa makhadi amenewa pomwe ndimaona kwambiri kuperewera kwa ogula m'sitolo, omwe amabwera ndi ndakatulo ya Chingerezi yolembedwa ndi munthu amene sanawadziwe malemuwo. Azakhali omwe ataya amuna awo amafuna kumva kuti mukukumbukira momwe malume ankakulandirirani pakhomo, ndipo afuna kuziwerenga m'chilankhulo chomwe amalira nacho.

Mawuwo ndimayamba ndawalemba pa kapepala kena kuti ndione kutalika kwake. Ngati khadi ndi la mtundu wakuda, ndimadula pepala loyera locheperako ndi mamilimita 4 mbali zonse, n'kulipinda, n'kulembapo, kenako n'kulimata ndi kamzere kamodzi ka guluu pafupi ndi msana. Mukamata mbali zonse ziwiri limakhwinyata potsegula. Kumbuyo ndimalembako chaka ndi pensulo.

Envulopu ikasowa, matulani yakale mosamala, muiyale pa katoni, muzungulize ndi pensulo, ndipo mwapeza chikombole chogwiritsa ntchito mpaka kalekale. Ya khadi lokapereka pamanja mutha kuipanga ndi pepala la maluwa lomwelo. Lopita pa positi likhale lathyathyathya, lopanda mikanda kapena mabatani, chifukwa zotupa zimaboola envulopu panjira, ndipo adiresi ilembedwe pa kapepala koyera komata bwino ngodya zonse zinayi.