Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka cha thumba limodzi

Mu 2008 feteleza anakwera mtengo moti kwathu ku Tsangano anthu ankangofunsa mtengo m'sitolo n'kubwerera chimanjamanja. Makuponi analipo, koma amenewo anali a chimanga. Munda wathu wa mbatatesi, umene unkatilipirira fizi, unkadya matumba atatu. Bambo anagulitsa mbuzi ziwiri n'kubwera ndi thumba limodzi panjinga.

Tsiku lothira ndimalikumbukabe. Bambo anandipatsa kachitsekero ka botolo la Fanta. "Iwe, usadzaze. Theka basi paphando lililonse." Ndinkayenda chowerama m'mizere, manja akuyabwa, iwo ali pambuyo kukwirira ndi khasu. Usiku womwewo kunagwa chimvula chosaleka. M'mawa bambo anaima m'mphepete mwa munda nthawi yaitali osayankhula kanthu.

Patapita masabata atatu, Rosita wathu, mtundu wa mbatatesi umene tinkalima, anayamba kuchita chikasu kuyambira masamba a m'munsi. Koma kumapeto kwa munda kunali mizere isanu ya mbewu ya agogo, yopanda ndi dzina lomwe, ya timbatata tosaoneka bwino timene mavenda a pa Lizulu ankatikana. Imeneyo inali yobiriwirabe, chonsecho inadya theka la kachitsekero lomwelo.

Zinandivuta mumtima. Ndinazula phando limodzi uku, lina uko, n'kukatsuka kumtsinje. Mizu ya Rosita inali yochepa, yaifupi. Ya agogo inali yowirira ngati ndevu, timizu tating'onoting'ono tili yangayanga. Ndinathamangira kwa bambo.

"Bambo, taonani izi!"

"Wazula mbatata zosakhwima? Tidya chiyani?" Koma anazitenga, n'kuzitembenuza kangapo, ndipo sanandikalipirenso.

Tanthauzo lake ndinakalimva ndili ku sukulu ya zaulimi ya Bunda. Mbatatesi ili ndi mizu yosazama poyerekeza ndi chimanga, ndiye nayitrojeni, chakudya cha mbewu cha mu feteleza, akangosungunuka n'kutsika pansi ndi madzi a mvula, mbewu siimupezanso. Nthawi zambiri gawo lalikulu la amene mlimi wathira limangopita padera. Ndinakhala m'kalasimo ndikuona mbuzi ziwiri zija. Ndinamvanso kuti ukamuchulukitsa, mbewu imangokondwa ndi masamba, pansi n'kuchedwa kuika.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti khalidwe lopirira feteleza wochepa limayenda m'mtundu, ndipo munthu angathe kulisankha. Akatswiri amatenga mungu wa duwa la mtundu wina n'kuupaka pa duwa la mtundu wina. Pamabereka tizipatso tobiriwira tonga timatimati, tija tinkaponyerana tili ana osadziwa kuti muli njere. Njere iliyonse imatulutsa mbewu yakeyake, yosafanana ndi inzake. Amafesa zikwizikwi, n'kumataya zambiri chaka ndi chaka. Zotsalazo amazibzala pawiri, kwina feteleza wokwanira, kwina wochepa, n'kuyeza kuti ndi iti imene sikugwa kwambiri pa zokolola ikamanidwa. Kuti mtundu umodzi ufike kwa mlimi pamatha zaka khumi kapena kuposa. Ntchito yofuna mtima wautali, koma ine ndinaikonda pomwepo.

Bungwe la International Potato Center, limene linakhazikitsidwa mu 1971 ku Lima, m'dziko la Peru, limasunga mitundu ya mbatatesi yoposa 4,000 yochokera kumapiri a Andes, kwawo kwenikweni kwa mbewuyi. Mitundu ya Chuma, Thandizo ndi Zikomo imene inatulutsidwa kuno mu 2011 inadzera m'manja mwawo pamodzi ndi akatswiri athu a kafukufuku. Ine maganizo anga anali pa mizere isanu ija.

Tchuthi chitafika ndinatsika minibasi n'kulunjika kwa amayi, chikwama chili kumsana. Agogo anali atatisiya kale.

"Amayi, mbewu ya agogo ija ilipo?"

Anaganiza pang'ono. "Ife tinaisiya, sinkagulika. Kafunse azakhali ako kutsidya, mwina anasungako m'dengu."

Dzuwa linali litapendeka, koma ndinavula nsapato n'kuwoloka.