Mbusa amene sanayenera kupezeka pa ukwati

Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kukonza mabuku awiri a sukulu, kuthamangitsana ndi magetsi, ndi kudikira malipiro omwe mpaka pano akuti ali m'njira.

Mutu unandiwawa Lachitatu. Tikukonza buku la nkhani yopeka yochitikira ku Kansas, ku America, m'chaka cha 1868. Mtsikana wa mpingo wa Quaker akwatiwa, n'kusamuka ndi mwamuna wake kukaweta ng'ombe pa maekala 160 omwe boma la America linkagawa potsatira lamulo la 1862, bola munthu akhalepo zaka 5. Wolembayo anafufuza mokwanira. Pa ukwatipo palibe mbusa, palibe nyimbo, palibe mphete. Anthu akhala chete m'nyumba yopemphereramo, amuna mbali iyi akazi mbali iyo, kenaka awiriwo aimirira, agwirana manja n'kulonjezana okha. Onse amene alipo asayina chikalata. Basi, ukwati watheka.

Nditatsegula fayilo m'mawa, ndinapeza mbusa wavala mkanjo akudalitsa mphete, mkwatibwi ali m'velo. Abwana a zamalonda anamulowetsamo usiku, wolemba osamuuza, ine osandifunsa.

Ndinawapeza mu ofesi mwawo akumwa tiyi. "Bwana, munawerenga bukuli mpaka kumapeto?"

"Mayi, owerenga athu sangamve kuti umenewo ndi ukwati. Inu onani za kalembedwe."

Sanawerenge. Akanawerenga akanaona kuti theka la bukuli latsamira pomwepo. Akazi a m'mafamu oyandikana amamunena mtsikanayu kuti anangolowana ndi mwamuna chifukwa palibe mbusa anawamangitsa. Ng'ombe za ku Texas zopita ku tauni ya Abilene ku Kansas komweko zitapondereza chimanga chawo, mwamuna akana kugwira mfuti, ndipo kukhoti akana kulumbira, monga mpingo wawo unkaphunzitsira chiyambire nthawi ya George Fox, yemwe anauyambitsa. Mkaziyo atsala pakati, chikhulupiriro uku, njala uku. Mukaikamo mbusa, miseche yonse ija ichokera pati?

Chikuto nachonso! Anajambulapo mpanda wa waya waminga, pamene Joseph Glidden, yemwe anatulukira waya wotchuka wa mtunduwu, analandira chiphaso cha umwini wa waya wakeyo mu 1874. Mpanda ukanakhalapo, ng'ombe zija zikanalowera pati m'munda?

Kale tinali ndi mnzathu amene ntchito yake inali kutsimikizira zinthu zoterezi. Anamuchotsa ati pofuna kuchepetsa ndalama, ndiye tsopano mkonzi yemweyo akonze ziganizo, afufuze mbiri, alimbanenso ndi abwana, malipiro omwewo. Akonzi anzanga mukudziwa zimene ndikunena.

Lachinayi ndinatumiza mutu wa ukwati uja kwa wolemba, momwe unalili ndi momwe ausinthira. Anayankha mizere iwiri yokha, ndipo pofika masana mbusa anali atachoka. Abwana sanandilankhule tsiku lonse. Waya uja watsala pachikuto, akuti wojambula analipidwa kale.

Lachisanu ndinabwerera ku mabuku a sukulu aja, magetsi atabwera cha m'ma 3 koloko.