Loweruka: kachitsulo ka kukamwa kwa mfuti kandisowetsa tulo

Ndapukuta zida, ndatseka sefa, koma kachitsulo kaja kadakali pathebulo pano ndipo maso anga akungobwerera pomwepo. Ndi kakuda, kafupi ngati chala chachikulu, kali ndi timazenera titatu mbali iliyonse. Amakatcha muzzle brake, ndipo ntchito yake ndi kuchepetsa kukankha kwa mfuti powombera. Lero kanali komangidwa kukamwa kwa mfuti imene sikanayenera kuiyandikira n'komwe, ndipo mwini wake anali atalowetsa kale magazini.

Mwini wakeyo ndi mphwake wa mnzanga wina wa kuno ku Indiana, mnyamata waulemu ndithu. Wagula Kel-Tec SUB-2000 ya Gen 2, ya zipolopolo za 9mm, ndipo anapempha kuti tikumane kumalo ophunzirira kuwombera ndimuthandize kulunjikitsa red dot yake, kagalasi koyang'anira kamene kamaonetsa kadontho kofiira pamene ukulozetsa mfuti. Kwa amene simunaionepo, iyi ndi mfuti yaitali yodya zipolopolo za pisitolo, imene amapanga ku Cocoa, Florida kuyambira 2001. Ukakokera pansi chotchinga cha thiriga, mpope umatembenukira m'mwamba n'kudzagona pamsana pa mbali yotsamira paphewa. Mfuti ya mainchesi 30 imasanduka ya mainchesi 16 ndi pang'ono, kulemera kwake osakwana makilogalamu awiri. Ubwino wake wonse wagona pamenepo.

"Ankolo, taonani mmene yakongolera," anatero akuitulutsa m'chikwama chachitali. Chikwama chachitalicho chinandiuza kale kuti mfutiyo yasiya kupindika, koma zimenezo zinali zoti tikamba bwino. Chimene chinandiimitsa mutu ndi kukamwako.

"Ima kaye mphwanga. Chotsa magazini, kokera kumbuyo bolt, chitsulo chija chokankhira chipolopolo mumpope, uikole, uone ngati mulibe chipolopolo, uike mfuti pansi."

Anatero. Ndinamufunsa kumene anakatenga kachitsuloko. Anati anamupatsa mnzake wa kuntchito, amene anakachotsa pa mfuti yake ya mtundu wina, AR-15, atagula kena.

Nkhani yake ndi iyi. Mazinga a kukamwa kwa mpope wa SUB-2000 ya 9mm ndi 1/2x28. Mazinga a AR-15 ya 5.56 nawonso ndi 1/2x28, chimodzimodzi ndi mfuti zambiri za .22. Choncho kachitsulo ka mfuti inayo kamalowa mosavuta, kamamangika bwino, kamaoneka ngati kanabadwira pompo. Koma chipolopolo cha 5.56 kunenepa kwake ndi mainchesi 0.224, pamene cha 9mm ndi 0.355. Bowo lobooledwa kuti mudutse chaching'onocho silingadutsitse chachikulu. Chipolopolo chimakamenya chitsulo chili paliwiro lake lonse, mpweya wa wonga n'kusowa kotulukira. Zikayenda mwamwayi kachitsuloko kamang'ambika n'kuulukira kutsogolo. Zikapanda mwayi zidutswa zimapita cham'mbali, kumene kwaima anthu ena. A Colt pa mfuti zawo za 9mm anaika mazinga a 1/2x36 kuti zitsulo za 5.56 zisamalowepo, koma makampani ambiri masiku ano amaika 1/2x28.

Tinakamasula ndi sipanala. Ndinatenga chipolopolo chimodzi cha 9mm n'kumupatsa kuti alowetse nsonga yake pabowo la kutsogolo, kachitsuloko kali m'manja, kutali ndi mfuti. Chinangolowa kansonga kokha n'kukakamira. Anayesanso kachiwiri. Kenako anangoti zii, maso ali pachipolopolocho.

"Komatu kanalowa bwinobwino ankolo. Sindinakakamize ayi."

Mawu amenewa ndi amene akundizungulira m'mutu mpaka tsopano. Sananame. Anachita zimene munthu wanzeru aliyense amachita ndi bawuti: ikalowa mosavuta ndiye kuti ndi yake. Palibe amene anamuuza kuti pa zitsulo za kukamwa kwa mfuti mazinga ndi theka chabe la funso. Uyenera kuwerenga zimene zalembedwa pachitsulopo kapena papaketi, ndipo ngati sipanalembedwe 9mm, uchiyese ndi chipolopolo monga tinachitira, chidutse momasuka popanda kukhudza m'mbali. Ndipo kunena zoona, 9mm yotuluka mumpope wa mainchesi 16 ilibe mpweya wambiri wotsala woti brake igwire nawo ntchito yooneka. Kachivindikiro kotetezera mazinga kamene kamabwera ndi mfutiyo n'kokwanira. Mwamwayi anali nako m'thumba la chikwama, ndipo tinakabwezerapo.

Titakhala pabenchi panja, kaya inali isanakwane 12 koloko kaya itapitirira, tinayamba za red dot. Anaimanga pamwamba penipeni, pa njanji ya Picatinny, yomangirapo zowonjezera, ya chogwirira cha kutsogolo. Pa Gen 2 mbali imeneyo ndi imene imakagona pamsana mfuti ikapindidwa, ndiye chilichonse chimene chili pamwambapo chimatchinga. Anati wogulitsa wina anamuuza kuti aziichotsa akafuna kupinda. Zimatheka ngati chomangira chake ndi chija chomasula ndi kachogwirira, koma cha iyeyu ndi cha masikuluwu, ndipo ukamamasula n'kumanganso tsiku lililonse mazinga amatha, kadontho nako sikabwerera pamalo amodzi.

Njira zenizeni zilipo. M*CARBO ndi Midwest Industries amapanga zomangira zimene zimagwira m'mbali mwa chogwirira, ndipo ukafuna kupinda umangokankhira red dot pambali. Red Lion Precision anapanga chogwirira chachitsulo chimene chimazungulira chonse, koma chimalemera, ndipo pochiika uyenera kuchotsa choyang'anira cha kutsogolo, ntchito yofuna munthu wodziwa. Eni ake a Kel-Tec anathetsa vutoli pa Gen 3 imene inatuluka mu 2024: chogwirira chimapotokera pambali pamene ukupinda, red dot n'kukhala m'mbali. Smith & Wesson nawo, pa M&P FPC ya 2023, anasankha kuti mfuti izipindikira cham'mbali. Mnyamatayu atamva zimenezi nkhope inagwa, akuganiza kuti wagula yolakwika. Ndinamuuza kuti ayi, Gen 2 ili ndi zoyang'anira zachitsulo ndi pulasitiki zake zobwera nazo, ndipo chomangira chokankhira pambali n'chotsika mtengo kuposa mfuti yatsopano.

Chimene ndinamutsindikira ndi kamangidwe. Chogwirira cha mfutiyi ndi chapulasitiki, ndipo malangizo a kampani ya Magpul pa M-LOK, mabowo omangirapo zowonjezera a m'mbali mwa chogwiriracho, ndi akuti pa pulasitiki mphamvu yomangira sikuluwu isapitirire ma inch-pound 15. Ma 35 amene amatchulanso ndi a chitsulo pa chitsulo. Anthu amamanga ndi mphamvu zawo zonse poganiza kuti akulimbitsa, kanati ka mkati n'kudya pulasitiki, chomangira n'kuyamba kugwedera pakatha zipolopolo 50. Tenga sikuludiraiva yoyeza mphamvu. Uone ndi tochi kuti kanati katembenuka n'kupingasa bowo, komanso kuti nsonga ya sikuluwu sikukhudza mpope. Kadontho kamodzi ka Loctite ya buluu pamazinga n'kokwanira, ndipo kasadonthere papulasitiki. Yofiira ija ayi, imafuna moto pomasula.

Ukamaliza kumanga, lunjikitsa pa mayadi 25. Wombera zisanu utatsamiritsa mfuti pathumba la mchenga, upeze pakati pa mabowo asanuwo, osati bowo limene lakusangalatsa. Ngati red dot yako imasuntha theka la MOA (MOA imodzi ndi pafupifupi inchi imodzi pa mayadi 100) pa kaphokoso kalikonse ka chopotokola chake, pa mayadi 25 pamafunika timaphokoso 8 kuti usunthe inchi imodzi. Ngati imasuntha MOA yathunthu, ndi 4. Zikakhala pakati, chotsa zipolopolo, pinda ndi kutambasula mfuti kakhumi, ukukankhanso chomangiracho uku ndi uku, kenako uwomberenso zisanu. Mabowo akasamuka, pali chimene chikugwedera, ndipo kawirikawiri ndi masikuluwu a chogwirira chenichenicho. Lero tinangoichotsa red dot n'kugwiritsa ntchito zoyang'anira zobwera nazo.

Apa ndi pamene anadandaula za tsaya. Zoyang'anira za Gen 2 zili pansi kwambiri, moti umafinya nkhope pa paipi yachitsulo imene bolt imathamangamo, ndipo ukavala zotseka makutu zikuluzikulu zija zimagunda n'kutukuka. M'nyengo yozizira ya kuno paipiyo imaluma ngati ayezi. Chovalitsa paipicho, cha labala kapena cha nsalu yofewa, ndicho chinthu choyamba chimene ndingagulire mfutiyi, ndipo n'chotsika mtengo kuposa bokosi ziwiri za zipolopolo. Uonetsetse kokha kuti sichikutchinga mpata umene chokokera bolt chimayendamo kunsi, chifukwa chokokeracho chimapita kumbuyo ndi kutsogolo pa kuwombera kulikonse. Lamba wonyamulira naye asalendewere pamenepo. Akakodwa, bolt siifika kumbuyo, khoko la chipolopolo limatsakamira pakhomo.

Ndinakwiya lero, ndisabise, ndipo mkwiyowo sunali pa mnyamatayu. Unali pa chizolowezi chopatsana zitsulo za mfuti ngati mmene timapatsirana machaja a foni. Munthu wamkulu, wodziwa mfuti yake, wapereka chinthu kwa wongoyamba kumene osafunsa n'komwe kuti chikalowa pa mfuti yanji. Ndikamaganiza kuti pambali pathu panali bambo wina ndi mwana wake wamkazi akuphunzira ndi .22, m'mimba mumanditentha. Ndayesa kumwa tiyi, sizikutsika.

Kunali kutatsala nkhani ya magazini. Yake ndi ija yolandira magazini a pisitolo ya Glock 17, koma anagula awiri a Glock 19 chifukwa anali otchipa. A 19, a zipolopolo 15, ndi aafupi. Mu chogwirira chachitali cha 17 safika pokolera. Mbali inayo zimatheka: a 17 ndi aja aatali a 33 amalowa mu mfuti ya chogwirira cha 19, amangotulukira kunsi. Ndinamuuza akawasinthitse, ndipo asaiwale kuti akawoloka malire kupita kumadera ngati California kapena New York, malamulo a kumeneko salola magazini opitirira zipolopolo 10. Pomwepo ndinamufunsanso za mapepala ake, ngakhale ndinachita manyazi. Ali ndi green card, anagula kusitolo yovomerezeka, anadzaza fomu 4473. Ndimafunsa chifukwa abale athu ena sadziwa kuti amene ali pa viza ya sukulu kapena yongocheza lamulo limawaletsa kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa monga chiphaso chosakira nyama. Mpope nawo usaudule: ukatsika pa mainchesi 16 mfutiyo imagwera m'lamulo lina la 1934 lofuna chilolezo chapadera.

Zipolopolo zimene anabweretsa zinali za makoko a aluminiyamu. Mfutiyi bolt yake siikhoma. Chimene chimaigwira pa nthawi yowombera ndi kulemera kwake ndi sipuling'i basi, choncho khoko limayamba kubwerera m'mbuyo mphamvu ya wonga isanatheretu. Khoko la mkuwa limapirira zimenezo, la aluminiyamu likhoza kung'ambika. Ndinamupatsa bokosi langa la 115 grain za mkuwa. Anawombera 50 pa mayadi 25 popanda kutsakamira ngakhale kamodzi, ndipo khumi zomaliza zinagwera malo oti ungawaphimbe ndi chikhatho. Mfuti ili mbulanda, yopanda chowonjezera chilichonse. Atamaliza anaipinda kwa nthawi yoyamba chiigulireni red dot ija, inati khwa, n'kuilowetsa m'kachikwama ka laputopu kuti aone ngati ikwanamo. Ndinamukumbutsa kuti kachikwama koteroko mwana amakatsegula, ndiye kunyumba ikhale mu sefa, zipolopolo kwina.

Thiriga ndiye wamutenga mtima. Ya kufakitale ndi yolimba, imafuna mapaundi pafupifupi 9 kapena 10, ndipo waona pa YouTube anthu akusintha masipuling'i, thiriga ya aluminiyamu ndi kanjira kachitsulo kokwezera chipolopolo m'malo mwa kapulasitiki. Zinthuzo zimathandizadi, sindikana. Koma kuti uziike uyenera kulekanitsa mbali ziwiri za thupi la mfuti, ndipo mkatimo muli masipuling'i opanikizika amene amadumpha ukangotsegula. Pobwezera, ukamanga masikuluwu mopitirira, pulasitiki imafinya thiriga n'kulephera kubwerera, kapena mfuti imalimba popinda. Sipuling'i ya hamala ikafewa kwambiri, zipolopolo zina zimangoti tcha osaphulika. Chotetezera kugunda kwa bolt chikanenepa, bolt imalephera kukoleka kumbuyo. Ukasintha zinayi tsiku limodzi mfuti n'kuyamba kuvuta, sudziwa chimene chalakwa. Ndinamupempha kuti ayambe wawombera 500 mmene ililimu, kenako azisintha chimodzi chimodzi, n'kuyesa ndi zipolopolo 100 asanakhudze china. Ndipo akatsegula mkati, asanaike chipolopolo ayese sefute: atchere, aike sefute, akoke thiriga, hamala isagwe.

"Ndamva ankolo," anatero. Anandisiyira kachitsulo kaja yekha, sindinamupemphe.

Cha m'ma 9 koloko wanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Ndi dengu la pa intaneti, muli chomangira chokankhira pambali, chovalitsa paipi, ndi phukusi lonse la thiriga. Pansi walemba kuti, "Zili bwino izi ankolo?" Ziwiri zoyambazo zili bwino. Sindinamuyankhe. Ndikuganizanso za mnzake wa kuntchito uja, ngati ali ndi zitsulo zina m'dirowa zimene akugawa, ndi ngati ndingapemphe nambala yake popanda kumuchititsa manyazi mnyamatayu. Mwina mawa tikaweruka kutchalitchi.