Ulemu wa pakhonde

Inde, amene wagwada pakhonde pa chithunzi chikuzungulira pa WhatsApp uja ndine. Musanathire mchere wanu, imvani kaye kwa mwini nkhani.

Choyamba, musamanene kuti ndinagula mwaumbuli epoxy, utoto wolimba wonyezimira womwe ndimapaka pasimenti ya pakhonde. Ndinadikira masiku 28 kuti simenti ikhwime, monga amanenera amisiri. Ndinamata kapulasitiki pansi usiku wonse kuti ndione ngati simentiyo ikutuluka thukuta, m'mawa ndinapeza pouma bwinobwino. Zimenezo bwanji simukuzitumiza m'magulumo?

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi chokha, mwina ziwiri. Epoxy amabwera m'zitini ziwiri, A ndi B, ndipo ukangosakaniza, nthawi yayamba kutha. Pachitini analemba mphindi 30, koma anayezera kwawo kozizira. Ine ndinali ku Salima, mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. M'malo mosakaniza pang'onopang'ono, ndinakhuthulira zonse m'ndowa imodzi ngati thobwa la paukwati. Chinthuchi chikachuluka chimadzitenthetsa chokha, kutenthako n'kumachifulumizitsa kulimba. Ndowa inayamba kufunda, kenako kuotcha, kenako kufuka. Chotakasira chinali mthiko wa mayi akunyumba. Ndinkati ndiutsuka.

Pothamangira kupaka zomwe ndinali nditathira kale pansi, ndinagwada, mawondo onse awiri n'kutera ponyowa. Nthawi yomweyo ndinangomva, “Odi kuno!” Apongozi anga aakazi, atatulukira kuchokera ku Dowa, thumba la mtedza lili pamutu.

Tsono ndiuzeni inu anzeru: mkamwini wagwada kale, apongozi ayamba malonje, angadzambatuke? Ndinaomba m'manja. “Fikani, mayi.” Iwo anakhala pamphasa pabwalo n'kuyamba. Za maliro a kumudzi. Za mbuzi yomwe inabedwa. Za kukwera mtengo kwa feteleza. Za mwendo wa malume, kuyambira chaka chomwe unayamba kuwawa. Ine “Ee mayi, pepani mayi,” uku mawondo akufunda ngati ndagwada pa mbaula. Nditayesa kusuntha pang'ono ndinamva kuti buluku ndi khonde zagwirizana kale, ine sanandifunse.

“Bambo, khalani pampando, mwatopa.”

“Ayi mayi, pompano ndili bwino.”

Misozi inalengeza m'maso mwawo. Anaitana mwana wawo. “Iwe, unakwatiwa ndi munthu. Anyamata a masiku ano amalonjera manja ali m'thumba, koma taona bambowa!” Ndinaweramitsa mutu mwaulemu, thukuta lili kamukamu. Anayambanso kufotokoza za akamwini ena a m'mudzimo, mmodzimmodzi, kuyerekeza ndi ine. Tambala anadutsa pakhonde, n'kusiya mapazi atatu ndi nthenga imodzi, n'kundiyang'ana ngati akuti ife tathawa, inu tsalani. Ndikuganiza kuti ndinagwada maola awiri. Mayi akunyumba akuti mphindi 40, koma iwo mawondo sanali awo.

Amene anazindikira ndi iwowo, atapeza mthiko wawo utaima chilili m'ndowa ngati mbendera ya pa boma. Anayang'ana ndowa, n'kuyang'ana ine. Sanayankhule. Anaperekeza mayi awo kuseri kuti akasambe, n'kubwera ndi chitenje. Anandikulunga m'chiuno, ndinamasula lamba, n'kusolotoka m'bulukumo ngati njoka yofundula. Buluku linatsala litagwada lokha, likupitiriza ulemu. Mwana wa aneba ndi amene anajambula, ndipo ndikumudziwa.

Tinalidula ndi lumo, koma zigamba ziwiri za m'mawondo zikadali pomwepo, zikunyezimira pansi pa epoxy pamodzi ndi mapazi a tambala. Koma tamverani: dzulo ndinadonthezapo madzi kuyesa, ndipo anangoima timadontho osalowa pansi. Ndiye kuti ntchito ndinaigwira. Manja nawo sanapse, ndinavala magolovesi.

Apongozi mpaka lero sadziwa, ndipo wowauza tidzaonana. Za mthiko tikukambiranabe.