Lachitatu: zithunzi zopanda mwini

Mvula yayamba kugwa m'bandakucha kuno ku Blantyre, ndipo ikatere magulupu a WhatsApp amadzaza ndi zithunzi za madzi osefukira. Pofika 9 koloko, chithunzi cha msewu wokokoloka chinali chitalowa kale m'gulupu ya tsamba lathu, pansi pake palembedwa mawu amodzi okha: "Copied". Tisanachiike pa tsamba tachiponya mu Google Lens, chida chofufuzira kumene chithunzi chinaonekapo kale pa intaneti, ndipo chapezeka kuti n'cha mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy. Dzina la wojambula ndi tsiku zikanatsala, palibe akanaopa kuti msewuwo waduka lero.

Dzina limatayika m'njira motere. Mukadina Forward, WhatsApp sanyamula dzina la amene anayamba kutumiza. Amangomata chizindikiro cha "Forwarded", chomwe chinayamba mu 2018. Uthenga ukadutsa m'manja kasanu kapena kuposa apo, pamabwera mivi iwiri, ndipo kuyambira 2020 wotere mungathe kuutumiza kumalo amodzi okha pa nthawi imodzi. Mivi ija imakuuzani kuti wayenda kutali, koma sikuuzani kumene wachokera. Komanso chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimafinyidwa, n'kuchotsedwa mbiri yobisika m'kati mwake, monga tsiku lojambulira ndi mtundu wa kamera. Kuti zimenezi zitsale, chitumizeni ngati Document, ngakhale bandulo imadyeka kwambiri.

Masana nkhani inali ya Facebook. Batani la Share limasunga dzina la mwini ndi linki yobwerera kwa iye. Koma ambiri amasunga chithunzi m'foni n'kuchiikanso ngati chawo, kuti ma like agwere kwa iwo. Kumeneko ndiye kuba kwenikweniko, ndipo kulemba "Credit to the owner" sikutsuka mlandu. Mwini wake uti? Ngati simungasheye mwachindunji, lembani "Chithunzi:" kenako dzina, malo ndi tsiku. Ikani @ n'kusankha dzinalo pamndandanda kuti mwiniyo alandire uthenga. Muike zimenezi pamzere woyamba, chifukwa positi ikatalika Facebook amabisa zakumapeto kuseri kwa "See more", ndipo ndi ochepa amadinapo. Pa WhatsApp, dzinalo lilembedwe pansi pa chithunzi chenichenicho, osati mu uthenga wapadera wotsatira. Wotumiza wina amangotola chithunzi, uthengawo n'kuusiya.

Mavidiyo a TikTok amabwera ndi dzina la mwini likuyendayenda pa sikirini. Musalidule.

Chakumadzulo kwabwera funso lovutirapo, la positi imene mwini wake anaiika kuti ione anzake okha. Mukaisheya, anthu amene si anzake saiona, choncho ena amangojambula sikirinishoti. Apa kutchula dzina kumawonjezera vuto m'malo molichepetsa, popeza mwatulutsira kubwalo mawu amene munthu ananenera m'nyumba. Mufunseni kaye ku inbox. Akakana, zatha. Akavomera koma n'kupempha kuti asatchulidwe, lembani kuti zachokera kwa munthu amene sanafune kutchulidwa, ndipo phimbani dzina, nkhope ndi nambala ya foni. Sikirinishoti ya m'gulupu ya mpingo kapena ya banja imaonetsa manambala a anthu amene sanalankhulepo n'komwe pa nkhaniyo.

Kutchula dzina si chilolezo ayi. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zithunzi, nyimbo ndi zolemba, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira ufulu wa eni ntchito zotere. Tsamba la bizinesi lotsatsa malonda ndi chithunzi cha ukwati chojambulidwa ndi munthu wina liyenera kugwirizana naye, nthawi zambiri ndi ndalama, ngakhale litamutchula bwanji.

Chithunzi cha m'mawa chija sitinachiike. Tapempha amene ali kuderalo kuti ajambule chatsopano, achitumize ngati Document, atiuzenso dzina limene akufuna kuti tilembe.