Selo lodzaza ngati thumba la mawere

Lachitatu. Dzuwa la kuno ku Mangochi lero linali loswa mtengo, mu labu mwathu mpaka khosi kuuma. M'mawa wonse ndinali pa maikulosikopu: magazi a malungo, kenako mikodzo ya ana ochokera m'mphepete mwa nyanja, kusaka mazira a likodzo aja okhala ndi kaminga kunsonga.

Chakumasana akuluakulu a mu labu anandiitana. "Achemwali, tabwerani mudzaone mlendo uyu." Pagalasi panali timadzi tomwe anapopa pa mwanabere wa wodwala wina, atatipaka utoto wa Giemsa, womwewu timagwiritsa ntchito poyeza malungo. Ndinadonthezapo mafuta n'kuika lenzi ya 100, yokuza zinthu kwambiri. Pakati pa timaselo tating'ono tozungulira panali selo limodzi lalikulupo, lodzaza thothotho ndi timibulu tapepo, moti nyukiliyasi yake, chimake cha pakati pa selo, inkangooneka mwa apo ndi apo. Timibulu tina tinali titamwazikira pambali ngati thumba la mawere labooka. Ndiye mast cell imeneyo. Ndinaiphunzira kusukulu, koma kuiona ndi maso anga n'koyamba, chifukwa m'magazi omwe ndimayeza simupezekamo. Kwawo ndi pakhungu, m'matumbo ndi m'njira za mpweya.

Akuluakulu aja anandikumbutsa kuti Paul Ehrlich wa ku Germany ndiye anaifotokoza mu 1878. Poona kukhuta kwakeko ankaganiza kuti timibuluto ndi chakudya, n'chifukwa chake anaipatsa dzina lochokera ku mawu a Chijeremani akuti Mast, onena za kunenepetsa ziweto. Chonsecho muli makemikolo otchedwa histamine (woyambitsa kuyabwa ndi kutupa) ndi heparin (woletsa magazi kuundana). Heparin ameneyu ndi amene amachititsa kuti ukapaka toluidine blue, utoto wabuluu, timibuluto tisanduke tofiirira.

Chimene chandikhala pamtima ndi ichi. Selo limeneli limatithandiza kulimbana ndi njoka za m'mimba, koma likalakwitsa mdani, kaya fumbi, mtedza kapena mbola ya njuchi, limakhuthula zonse nthawi imodzi. Khungu limayabwa, milomo kutupa, chifuwa kubanika. Zikafika poipa magazi amathamanga motsika kwambiri, ndipo pamafunika jakisoni wa adrenaline mwachangu.

Amayi anga adwala mphumu zaka zambirimbiri. Nditafika kunyumba ndinawapeza akusesa pabwalo, fumbi lili koboo, kachifuwa kayamba kale kulira. Ndinawalanda tsache, n'kuwaza madzi pansi, n'kuwatengera kopopera kawo m'chipinda.