Funso lomwe anafunsidwa agogo lero

Lachitatu usiku, magetsi azima, tulo takana.

Masana tinapita kukazonda agogo ena a mumlaga wathu amene miyendo yawakanika. Tinanyamula shuga, sopo ndi kamtolo ka nkhuni. Pagulupo panali mnyamata wa kwaya, wachangu pa za Mulungu, amene wabwera kutchuthi kuchokera ku koleji. Titangotsiriza nyimbo yoyamba, anasendera kufupi ndi mphasa n'kufunsa kuti, "Agogo, kodi munabadwa mwatsopano liti? Tsiku lake mukulikumbukira?"

Ine magazi anawira. Mayi amenewa analowa kalasi m'zaka za m'ma 1960, anayamba kuvala yunifomu ya Chigwirizano ife tisanabadwe, ndiye lero afunsidwe ngati ali pa mayeso?

Eniakewo anangoseka. "Mwanawe, tsiku sindilidziwa. Chomwe ndikudziwa ndi ichi. Bambo a kunyumba kuno atamwalira, alamu anga anandilanda dimba. Ndinatha zaka osawapatsa moni. Ku Mgonero ndinkapita, mkate ndinkalandira, koma ndikawaona akubwera ndinkapatuka. Atadwala ndinangozindikira ndili pamoto, ndikuwaphikira phala. Kuti chidanicho chinachoka liti, kaya. Pano chatsala ndi pakamwapa. Miseche, mwanawe. Muzindipempherera."

Mnyamatayo sanagonje. Anatchula Nikodemo pa Yohane 3, anatchula Saulo pa njira ya ku Damasiko, amvekere munthu wopulumutsidwa sangaiwale tsiku lake. Agogo anangoloza Baibulo lawo pa zenera kuti wina awawerengere 2 Akorinto 4:16, pamene Paulo akunena kuti thupi likamka livunda, munthu wam'kati amakonzedwa tsiku ndi tsiku. Ndi Buku Lopatulika, kumasulira kwa 1922 kuja, chikuto chinachoka kale, analimanga ndi mphira. Adzukulu anawagulira Buku Loyera la 1998 kuti Chichewa chake n'chosavuta, koma akuti Mulungu anazolowera kuwayankhula m'lakalelo. Apo ndinaseka ndithu.

Chikundisowetsa mtendere n'chiyani kwenikweni? Mwina ndi maumboni omwe timawakonda masiku ano. Munthu aime kutsogolo, afotokoze mowa, chiwerewere, umbava, kenaka usiku umodzi zonse zinatha, ife m'manja phwaa! Sindikutsutsa, zimachitika, ndipo ena mwa iwo ndimawadziwa, anasinthadi. Koma sindinamvepo mpingo ukuombera m'manja nkhalamba yonena kuti yalimbana ndi kaduka zaka zonsezi ndipo nkhondoyo siinathe. Zoterezi sizikoma pa maikolofoni.

Ndipo Petro tingamupatse tsiku liti? Lomwe anasiya makoka ku Galileya? Pambuyo pake ndi pomwe anakana Yesu katatu. La Pentekoste? Patapita zaka, ku Antiokeya, anasiya kudya ndi anthu amitundu poopa omwe anachokera kwa Yakobo, mpaka Paulo anamudzudzula pamaso pa onse. Zili pa Agalatiya 2. Mtumwi wamkulu, imvi zitayamba kale mwina, akadaphunzitsidwabe kukhala pa mphasa imodzi ndi anzake.

Komabe mnyamata uja sindingamutaye. M'matchalitchi mwathu muli anthu amene anabatizidwa ali makanda, anakhoza katekisma, amapereka chakhumi, koma ukali ndi umbombo zomwe anali nazo pa unyamata zili chikhalire. Kukalamba mu mpingo si kukula. Funso lake ena likuwayenera, kungoti lero linagwera pa munthu wolakwika. Kapena ndi ine amene ndikuganiza choncho chifukwa agogowo ndimawakonda.

Pobwerera mnyamatayo anandiuza kuti Loweruka apitanso akamalize nkhaniyo. Agogo anali atamuuza kale kuti akabwera asaiwale khasu, kuseri kwa nyumba kwamera tchire. Ndikufuna ndidzapite nawo ndikamve, koma Loweruka kuli chinkhoswe ku Area 25, ndiye sindidziwa.